MLANDU UKABWERERA KU BWALO: KODI MUNTHU ADIKIRE KUNDENDE KAPENA KUMUDZI?

Mau amene analankhula Mlembi wa Nthambi pa msonkhano wa mamembala kwa Kaomba, m'boma la Kasungu



Pa msonkhano wathu wapitawo, titatha nkhani ya feteleza, amai ena anaimirira nafunsa funso limene linatisiya tonse tiri kakasi. Anati: "Mnyamata uja anagwidwa chifukwa cha fodya wosowa m'chigafa, tonse tinamva kuti amlamula zaka zitatu. Nanga bwanji tamuona ku chigayo, chaka chisanathe n'komwe? Kodi wathawa, kapena abale ache adyetsa wina ndalama?" Ena anabvomereza kuti ndi ziphuphu, ndipo ndinamva anyamata ena kumbuyo akunong'onezana zoti akamuonetsa okha. Chifukwa cha kunong'onezana kumeneko Komiti inandituma kuti ndikafunse bwino, ndipo lero ndabwera ndi yankho. Dzina la mnyamatayo sinditchula, pakuti mlandu wache ukadali m'manja mwa oweruza.

Yankho lache ndi ili: sanathawe ai, ndipo palibe amene anadyetsedwa kanthu. Bwalo Lalikulu, limene ambiri timalitcha Hayi Khoti, linaona kuti mlandu wache sunazengedwe molongosoka. Linafafaniza chigamulo choyamba, nililamula kuti mlanduwo uzengedwenso kuyambira pachiyambi, ndipo podikira tsiku limenelo anampatsa belo.

Ife a ku Kasungu tikamva mau akuti belo timayamba taganiza za fodya, tsono tiyeni tiyambire pomwepo. Mukatumiza belo lanu ku okushoni ya Chinkhoma, nilibwezedwa chifukwa fodya sanasankhidwe bwino, kodi belolo lagulidwa? Iai. Kodi latayidwa? Iai. Limabwerera kuti limasulidwe, fodya asankhidwenso, lidindidwenso, ndipo mtengo wache sudziwika kufikira tsiku limene lidzalowanso pa msika. Mlandu wobwezedwa uli chimodzimodzi. Munthuyo sanapezeke wolakwa, ndiponso sanamasulidwe. Wabwerera pamene anaima tsiku loyamba lija, pamene anali woganiziridwa chabe.

NTHAWI ZITATU ZA BELO

Kuti timvetse bwino, tisiyanitse nthawi zitatu zimene munthu angapemphe belo, pakuti lamulo silimuona mofanana pa nthawi zonsezo.

Nthawi yoyamba ndi pamene munthu wagwidwa koma sanaweruzidwe. Malamulo Aakulu a dziko lino, amene tinalandira m'chaka cha 1994, akunena m'gawo 42 kuti wogwidwa aonekere ku bwalo pasanathe maola 48, kuti ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa, ndi kuti ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chifuna kuti asungidwe. Kale mabwalo ankati wa mlandu wakupha ayenera kuonetsa yekha chifukwa chapadera ndithu asanapatsidwe belo. Koma m'chaka cha 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, Bwalo la Suprimu, limene liri pamwamba pa mabwalo onse, linagamula kuti mtolo umenewo ndi wa Boma. Boma ndilo liyenera kuonetsa chifukwa chosungira munthu, ngakhale pa mlandu wakupha.

Nthawi yachiwiri ndi pamene munthu wapezeka wolakwa, walowa m'ndende, ndipo wachita apilo ku bwalo lapamwamba. Apa zinthu zatembenuka. Bwalo lanena kale kuti ndi wolakwa, chotero sayesedwanso wosalakwa, ndipo belo ya nthawi imeneyi ndi yobvuta kuipeza. Iye mwini ndiye ayenera kuonetsa chifukwa champhamvu, monga kuti apilo yache ikuoneka poyera kuti idzapambana, kapena kuti zaka zimene anamlamula zidzatha apiloyo isanamvedwe. Mukumbukira a Ralph Kasambara, loya wodziwika amene anakhalapo Nduna ya Zachilungamo. M'chaka cha 2016 analamulidwa zaka 13 pa mlandu wopangana kupha a Paul Mphwiyo, ndipo belo yodikirira apilo anaipeza m'chaka cha 2018, atakhala m'ndende koposa chaka ndi theka. Ngati munthu wodziwa malamulo chotero anadikira nthawi yonseyo, muone nokha kuuma kwache kwa chitseko chimenechi.

Nthawi yachitatu ndiyo tasonkhanira lero: apilo yamvedwa, chigamulo chafafanizidwa, koma bwalo lati mlandu uzengedwenso. Anthu ambiri amayesa kuti munthu wotere akadali pa nthawi yachiwiri ija, chifukwa akali kumuona m'ndende momwemo, atabvala zomwezo. Kumeneko ndi kulakwa. Chigamulo chikafafanizidwa, zaka zija zafafanizidwa nacho pamodzi. Munthuyo salinso mkaidi wogwira ukaidi, koma woganiziridwa wodikira mlandu, ndipo ufulu wonse wa m'gawo 42 wabwerera kwa iye. Wafuna kumsunga anene chifukwa chache.

CHIFUKWA NINJI MLANDU UBWEZEDWA?

Apilo ingathe m'njira zingapo. Bwalo lingaikane, munthu napitiriza ukaidi wache. Lingachepetse zaka koma kulakwa kukhalebe. Lingammasule kotheratu, ngati umboni unali wosakwanira. Kapena lingalamule kuti mlandu uyambirenso. Njira yotsirizayi imabwera makamaka pamene cholakwika chinali m'kazengedwe ka mlandu.

Ndipereke zitsanzo zimene zimachitika kawirikawiri m'mabwalo a majisitireti. Munthu afunsidwa ngati akubvomera mlandu wakuba, iye nayankha kuti, "Inde fodyayo anampeza m'nyumba mwanga, koma ndinachita kugula." Kumeneko si kubvomera ai, ndi kukana. Lamulo lifuna kuti woweruza ayambe watsimikiza kuti munthuyo akumvetsa mlandu wache, akudziwa chimene chidzatsata akabvomera, ndipo akubvomera popanda "koma". Akalemba kuti wabvomera pamene iye anaikapo "koma", Bwalo Lalikulu lidzafafaniza. Mwinanso mlandu waukulu unazengedwa ndi majisitireti wa giredi yotsika amene alibe mphamvu pa mlandu wotere. Mwina munthu sanapatsidwe mpata wofunsa mafunso mboni za Boma, kapena woitana mboni zache. Mwina kumasulira kwa chinenero kunapotoka, pakuti zolembedwa za m'bwalo zimakhala m'Chingerezi.

Ndiponso dziwani kuti si apilo yokha imene ikonza zotere. Lamulo lifuna kuti zilango zazitali zochokera kwa majisitireti zitumizidwe ku Bwalo Lalikulu kuti woweruza wa kumeneko aziunikenso, ngakhale mwini wache sanadandaule. Koma musagonere pa zimenezo. Wofuna kuchita apilo apereke chidziwitso cholemba pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa, ndipo wochedwa ayenera kupempha chilolezo napereka chifukwa chomveka.

Wina adzafunsa kuti: kodi lamulo silinena kuti munthu asazengedwe kawiri pa mlandu umodzi? Likutero ndithu, m'gawo 42 lomwelo. Koma lasiya khomo limodzi, ndilo pamene bwalo lapamwamba lalamula lokha poona apilo kapena pounika chigamulo. Wapolisi sangadzuke m'mawa nati tiyambirenso. Ndipo khomo limenelo liri ndi mlonda wache. M'chaka cha 1966, pa mlandu wa Fatehali Manji, Bwalo la Apilo la maiko a kum'mawa kwa Africa linafotokoza kuti mlandu ubwerezedwe pamene kuzenga koyamba kunali kolakwika, koma usabwerezedwe kuti Boma lipeze mpata wotseka mabowo a umboni wache. Oweruza athu amatsata nzeru yomweyo. Ngati Boma linalephera kubweretsa umboni wokwanira, munthu apite kwao. Oweruza amayang'ananso nthawi imene munthu wakhala kale m'ndende, pakuti kuzenganso munthu amene watsala pang'ono kutsiriza zaka zache ndi kumlanga kawiri.

ZIMENE WOWERUZA AYESA

Tsono ndisakunamizeni kuti aliyense wobwezeredwa mlandu atuluka. Belo ndi ufulu, koma uli ndi malire ache. Lamulo la m'chaka cha 2000, lotchedwa Bail Guidelines Act, lapatsa oweruza mafunso oti adzifunse. Kodi munthuyu akatuluka adzathawa mlandu? Kodi adzaopseza mboni, kuzinyengerera, kapena kuononga umboni? Kodi adzabvulaza wina kapena kuchimwanso? Kodi kutuluka kwache kudzautsa chipolowe pakati pa anthu?

Pa mlandu wobwereza, woimira Boma ali ndi mau awiri amene analibe poyamba. Adzati: "Munthuyu walawa kale ndende, ndipo akudziwa zaka zimene zikumdikira akapezekanso wolakwa, chotero mtima wothawa wakula." Kuno kwathu mau amenewo amalemera, pakuti malire a Zambia sali kutali, ndipo ambiri a ife tiri ndi abale ku Lundazi ndi ku Chipata. Adzatinso: "Mboni zonse waziona nkhope, wamva zimene zinanena, akudziwa khomo la iliyonse."

Koma woimbidwa mlandu nayenso ali ndi mau ache amphamvu. Ngati pa mlandu woyamba anali pa belo nafika ku bwalo tsiku liri lonse loitanidwa, umenewo ndi umboni wakuti si wothawa. Miyezi imene wakhala kale m'ndende pa chigamulo chimene chapezeka cholakwika iwerengedwa. Cholakwacho sanachite ndi iye, chinachitika m'bwalo. Ali ndi munda, mkazi ndi ana, nazale ya fodya yofuna kuthirira. Ndipo koposa zonse, ali ndi anthu odziwika amene ali okonzeka kumuimira. Apa ndi pamene nkhaniyi ifika pa khomo la inu ndi ine.

Kumbukiraninso kuti pa milandu ya kupha munthu ndi kuukira Boma, apolisi ndi majisitireti alibe mphamvu yopereka belo. Imeneyo ipemphedwa ku Bwalo Lalikulu, ndipo kwa ife a Chigawo cha Pakati ndiye kuti ku Lilongwe.

TSOKA LA MUNTHU WOIWALIKA

Akulu anati mlandu suola. Ndi zoona, koma munthu amaola. Choopsa chachikulu pa mlandu wobwezedwa ndi kuiwalika. Woweruza wa ku Lilongwe walemba chigamulo chache natseka buku. Failo iyenera kubwerera ku bwalo laling'ono. Wapolisi amene anafufuza mlandu mwina anasamutsidwa, mboni zinabalalika, majisitireti wina ayenera kupezeka pakuti woyamba uja sayenera kuzenganso. Pa nthawi yonseyo munthu wathu ali pa rimandi, si mkaidi, si mfulu, ndipo ngati palibe wofunsa, miyezi isanduka zaka.

Musayese kuti ndikuopsezani chabe. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzache, Bwalo Lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha linali losemphana ndi Malamulo Aakulu. Onse olamulidwa imfa pa lamulo limenelo anayenera kubwerera ku bwalo kuti chilango chao chionedwenso. Nchito imeneyo inayamba mwamphamvu m'chaka cha 2015, patapita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pamene inayamba anapeza kuti mafailo a ambiri anasowa. Pambuyo pache anthu oposa 100 anatuluka. Iwowa kulakwa kwao sikunafafanizidwe, chinaonedwanso ndi chilango chokha, koma phunziro lache ndi lomwelo: chigamulo chabwino cholembedwa pa pepala sichitsegula chitseko chokha.

Ngakhale ku maiko olemera ziri chomwecho. Ku America, m'dera la Mississippi, munthu wakuda dzina lache Curtis Flowers anaimbidwa mlandu wopha anthu anai m'sitolo ya mipando m'tauni ya Winona m'chaka cha 1996. Anazengedwa kasanu ndi kamodzi pa mlandu umodzimodziwo. Kanai anapezeka wolakwa, ndipo kanai konseko mabwalo apamwamba anafafaniza chigamulo. Kawiri anthu othandiza kuweruza analephera kugwirizana. Bwalo lalikulu koposa la dzikolo linapeza m'mwezi wa June 2019 kuti woimira Boma ankachotsa dala anthu akuda pa gulu la oweruzawo. Belo anaipeza m'mwezi wa December chaka chomwecho, atakhala m'ndende pafupifupi zaka 23, ndipo m'chaka cha 2020 Boma linausiya mlanduwo. Taganizani, abale anga: analowa ali mnyamata, natuluka ndi imvi, popanda chigamulo ngakhale chimodzi chimene chinaima.

Ndipo ndende zathu mukuzidziwa. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, oweruza ananena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino ndi nkhanza yosayenera munthu. Kusunga m'malo otere munthu amene lamulo likuti ndi wosalakwa, pamene akadatha kudikira kwao, ndi kuonjeza katundu pa ngolo yothyoka kale.

Nyumba ya Malamulo inaona bvuto limeneli, ndipo m'chaka cha 2010 inaika malire a masiku osungira munthu mlandu wache usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu yoopsa monga kupha, ndipo kuonjezera masiku kufuna chilolezo cha bwalo. Pa mlandu wobwezedwa, kawirikawiri woweruza wa Bwalo Lalikulu amalemba yekha masiku amene mlandu uyenera kuyambiranso. Masiku amenewo muwadziwe ndi kuwawerenga monga muwerengera masiku a fodya pa nazale. Akatha mlandu usanayambe, muli ndi chifukwa chobwererera ku bwalo.

KUMENE TACHOKERA

Achinyamata ena amayesa kuti ufulu umenewu unagwa ndi mvula. Iai. Pa 3 March 1959 Boma la Atsamunda linalengeza za ngozi m'dziko, ndipo anthu oposa 1,000 anatsekeredwa ku Kanjedza, ku Khami ndi kwina popanda kuzengedwa mlandu. Dr. Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anasungidwa ku Gwelo kufikira pa 1 April 1960, osaonekera pamaso pa woweruza. Panalibe belo, pakuti panalibe mlandu woti upemphere belo.

Koma tinene zoona zonse, pakuti tiri pakati pa abale. Titalandira ufulu wodzilamulira, matenda omwewo anatigwira ife eni. M'chaka cha 1969 woweruza wa Bwalo Lalikulu anamasula amuna asanu oimbidwa mlandu wa kupha kwa ku Chilobwe chifukwa umboni unali wosakwanira. Anthu anakwiya, Boma linakwiya, ndipo milandu yaikulu inapatsidwa kwa mabwalo a makolo, kumene loya sankaloledwa kulowa. M'mabwalo amenewo a Orton Chirwa ndi akazi ao a Vera Chirwa analamulidwa imfa m'chaka cha 1983. Atachita apilo, bwalo la apilo la makolo linadzudzula zambiri za kazengedwe ka mlanduwo, komabe m'chaka cha 1984 linasiya chigamulo chiri chiimire. Chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba m'chaka cha 1992, ndipo a Vera anatuluka m'chaka cha 1993.

Mwaona tsono? Dziko limene bwalo lapamwamba liona cholakwa koma osachikonza, tinakhalamo kale, ndipo linayamba ndi mkwiyo wa anthu poona woganiziridwa akutuluka. Chifukwa chache mukaona chigamulo chafafanizidwa, musafulumire kunena kuti malamulo afooka. Pamenepo ndi pamene malamulo akugwira nchito yache.

CHOCHITA IFE A NTHAMBI

Tsono ndifike pa zochita, ndipo alembi a m'midzi alembe.

Choyamba, m'bale wanu akabwezeredwa mlandu, pezani chikalata cha chigamulocho ku ofesi ya bwalo. Muone ngati woweruza wanenapo za belo, ndiponso masiku amene waika. Mau apakamwa akuti "akuti mlandu uyambiranso" sathandiza pa chipata cha ndende.

Chachiwiri, belo ipemphedwe msanga. Ingapemphedwe kwa woweruza yemweyo pa tsiku lofafaniza chigamulo, kapena tsiku loyamba kuonekera kwa majisitireti watsopano. Munthu angapemphe ndi pakamwa pache popanda loya. Majisitireti akakana, njira ya ku Bwalo Lalikulu iri yotsegula. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi imene Boma linakhazikitsa kuti ithandize osauka pa milandu. Aliponso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene akhala akuyendera ndende zathu kuyambira m'chaka cha 2000.

Chachitatu, konzani omuimira, amene ena amati mboni za belo. Akhale anthu okhazikika, a khomo lodziwika, okhala ndi chiphaso cha unzika, ndipo adziwe chimene akulonjeza. Woweruza adzawafunsa mafunso. Womuimira alonjeza kuti munthuyo adzafika ku bwalo, ndipo akathawa, chikole chimene analonjeza chingalandidwe. Musaimire munthu amene mtima wanu ukukaika, koma musakanenso munthu wabwino chifukwa cha mantha chabe.

Pano ndinene za anzathu a m'maesiteti. Ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti, pakati pathu pakadali anthu ambiri ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi kwina, amene anadza kudzalima fodya. Wotere akagwa m'mlandu, woimira Boma amati alibe khomo lodziwika, ndipo amagona pa rimandi chifukwa chosowa womuimira, pamene mwana wa mwini mudzi wa mlandu womwewo akudikira kwao. Ngati munthu walima pakati pathu zaka zisanu, tapemphera naye, takumba naye manda, kodi tinganene kuti sitimdziwa? Ndipempha mafumu athu kuti pa zotere atitsogolere.

Chachinai, za ndalama. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ku bwalo woweruza angalamule ndalama ya chikole, koma imeneyo ilipidwa ku ofesi ya bwalo, mulandire lisiti la Boma, ndipo mulisunge monga musungira mapepala a ku okushoni, pakuti mlandu ukatha munthu atasunga malamulo a belo, ndalamayo ibwezedwa. Wina akakuitanirani kuseri kwa nyumba kuti mumpatse kanthu popanda lisiti, imeneyo si belo, ndi katangale.

Chachisanu, wotuluka pa belo asunge malamulo ache onse. Ngati anamuuza kukaonekera ku polisi pa masabata awiri ali onse, apite, ngakhale fodya ali pa mpani. Asatuluke m'boma lino popanda chilolezo ngati anamletsa. Asaponde pa khomo la mboni, asatume mlongo wache, asatume nkhuku kapena mowa. Akaphwanya limodzi la amenewa, belo ilandidwa, ndipo adzakhala watsekera chitseko anzache obwera pambuyo.

KWA AMENE ANALAKWIRIDWA

Sindinaiwale mwini fodya. Iye anafesa, anaokera, anathyola, anasoka, napachika m'chigafa, ndipo usiku umodzi thukuta la chaka chonse linapita, ngongole ya feteleza iri pakhosi. Kuona woganiziridwa akuyenda pa mseu kumawawa, ndipo palibe pano amene angamuuze kuti asamve kuwawa. Koma ndikuti kwa iye ndi kwa mboni zache: mlandu wanu sunafe. Mudzaitanidwanso, ndipo mupite mukanene zimene munaona, pakuti mukatopa ndi kukhala pansi, mlandu udzagwa chifukwa cha inu. Wina akakuopsezani, kanenani ku polisi kapena kwa woimira Boma tsiku lomwelo, ndipo bwalo liri ndi mphamvu yombwezera m'ndende.

Ndipo kwa anyamata aja ananong'onezana, mverani. Mukamgwira munthu wa pa belo ndi kumpweteka, mlandu wa fodya udzasanduka mlandu wa magazi, ndipo woimbidwa mudzakhala inu. Tsiku limenelo amai anu adzayenda khomo ndi khomo kufuna wokuimirani, ndipo mudzalakalaka lamulo lomweli limene lero mukulinyoza. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Ngati mnyamatayo anabadi, bwalo lozenga molongosoka lidzampeza, ndipo chigamulo chimenecho sichidzagwedezeka. Ngati sanabe, kodi tidzambwezera ndi chiani mvula imene inamdutsa ali m'ndende?

A Wapampando, ndisanakhale pansi ndiika pempho limodzi pamaso pa msonkhano. Nthambi yathu ikhale ndi buku, ndipo m'bukumo tilembe munthu aliyense wa m'midzi yathu amene ali pa rimandi kapena amene mlandu wache wabwezedwa: tsiku limene analowa, tsiku limene ayenera kuonekera ku bwalo, ndi amene akumuyendera. Tisafunse kuti ndi wa chipani chiti kapena wa mtundu uti. Pa msonkhano uli wonse bukulo liwerengedwe, ndipo tsiku la munthu likapitirira, Komiti itume awiri kukafunsa ku ofesi ya bwalo mwaulemu. Kuweruza ndi kwa oweruza, ife sitilowererapo. Yathu ndi kuona kuti mwana wa kwa Kaomba asaiwalike kuseri kwa mpanda.

Amene mukubvomereza pempholi muimike manja pamene a Wapampando afunsa.